Madzi oundana a m'mapiri ndi kukwera kwa nyanja yathu

Achimwene, mwafunsa ngati kusefukira kwa nyanja kuno ku Mangochi, komwe kunamiza malo ogona alendo m'mbali mwa gombe mu 2024, kukuchitika chifukwa chosungunuka kwa madzi oundana a m'mapiri. Ayi ndithu. Nyanja ya Malawi imadzazidwa ndi mvula komanso mitsinje monga Ruhuhu ya ku Tanzania, ndipo imataya madzi kudzera mu nthunzi ndi mtsinje wa Shire. Ngakhale pa Sapitwa ku Mulanje palibe ayezi wokhalitsa.

Koma nkhani ya ayeziyo ndi yoona. Phiri lililonse lokhala ndi ayezi lili ngati nkhokwe: chipale (madzi oundana ogwa ngati mvula) chimagwa n'kuunjikana, dzuwa limachotsako. Akatswiri amakhoma timitengo mu ayeziyo, n'kumabwerako chaka ndi chaka kudzayeza kuti mtengowo waonekera kutalika bwanji. Zochoka zikamaposa zolowa kwa zaka makumi angapo, ndiye kuti nyengo yasintha. Chaka chimodzi chokha sichinena kanthu.

Mu Africa muno ayezi wotereyu watsala pa Kilimanjaro, pa Mount Kenya ndi ku mapiri a Rwenzori, m'malire a Uganda ndi DR Congo, basi. Pa Kilimanjaro, pafupifupi 85 peresenti ya ayezi amene analipo mu 1912 anali atatha pofika 2007. Kumeneko sikutentha kokha ayi, mpweya unauma, chipale chikugwa chochepa, ndipo ayezi wina amangosanduka nthunzi osasungunuka n'komwe.

Madzi osungunuka m'mapiri a Alps kapena Himalaya amakakweza nyanja zamchere, ndiye amene akuyenera kuda nazo nkhawa kwambiri ndi anzathu a ku Beira, mzinda wa ku Mozambique womwe uli m'mbali mwa nyanja yamchere.