Tembenuzani botololo, achemwali

Imelo yanu yandikhudza pamtima, achemwali. Mwalemba kuti ziphuphu zikatha zimakusiyirani madontho akuda, kuti mwagula ma serum angapo, timadzi tija todzola kunkhope, ndipo mayina a zinthu zimene zili m'katimo, niacinamide, retinol, salicylic acid ndi ena otero, akukuzunguzani mutu. Mukufuna kudziwa ntchito ya chilichonse. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe lero lomwe ndi mawu anu omaliza aja, akuti mnzanu wakupezerani mafuta "ochotsa madontho pa sabata imodzi" ndipo mukuganiza zongoyesako.

Musayese. Ndanena poyambirira kuopa kuti mungatope musanafike kumapeto, poti ine nkhani imeneyi ndikaiyamba ndimatalikitsa.

Ine ziphuphu sizinandipeze ndili kusukulu. Zinadikira ndikule, ndiyambe ntchito, nthawi imene anzanga anali ataiwala kale za izo. Zinkatuluka m'chibwano ndi m'nsagwada, zazikulu, zopweteka, zina zopanda ndi mutu womwe. Chiphuphu chenichenicho chinkaphwa pa masiku ochepa, koma dontho lake linkakhala miyezi, ndiye lisanazimiririke lina linali litabwera kale pambali pake. Ndinafika pokana kujambulidwa. Ndikamalankhula ndi munthu ndinkachita kuona maso ake akutsikira kuchibwano kwanga. Komanso munthu wa ziphuphu sasowa alangizi. Wina akuti simusamba mokwanira, wina akuti pakani mankhwala otsukira mano pogona, wina akuti khulani ndi chinthu chokhakhala mpaka zonse zituluke. Onsewo amalankhula motsimikiza, koma palibe amene amabweranso kudzaona zotsatira zake.

Ine ndi msuweni wanga tinkavutika mofanana. Tsiku lina anabwera ndi kabotolo koyera, kopanda chilembo ngakhale chimodzi, akuti ndi mafuta osakaniza. Pasanathe mwezi nkhope yake inasalala kuti see, ziphuphu zonse zii, anthu n'kumamufunsa chinsinsi. Anandigawirako pang'ono. Nditanunkhiza, fungo lake linandiopsa, ndipo ndinangosiya m'dirowa. Kunali kuopa chabe, nthawi imeneyo za steroid ndinali ndisanazimvepo.

Patapita miyezi, masaya ake anayamba kufiira. Ukamuyang'ana pafupi unkaona timitsempha ting'onoting'ono tikuonekera pansi pa khungu, ndi tiubweya tatsopano cha m'mbali mwa makutu. Mfundo za zala zinatsala zakuda bii pamene dzanja lonse linali litayera. Akangoyenda padzuwa nkhope inkamuotcha, moti ankakhala ndi kansalu konyowa atakagwirizira patsaya. Atayesa kusiya, ziphuphu zinatuluka nkhope yonse, zochuluka kuposa poyamba, kuyabwa kwake osati masewera, ndiye anabwerera ku kabotolo kaja. Dokotala wa khungu atamuona sanafunse zambiri. Anati m'mafutamo muli steroid wamphamvu, ndipo kuchira kutenga nthawi yaitali kuposa imene kuyerako kunatenga.

Ma steroid monga clobetasol ndi betamethasone ndi mankhwala enieni, othandiza pa matenda ena a khungu, dokotala akalemba kuti mudzole masiku owerengeka. Amaphwetsa kutupa ndipo amafinya timitsempha ta magazi, n'chifukwa chake nkhope imaoneka yoyera ndi yosalala msanga. Koma mukadzola miyezi yambiri khungu limapyapyala, ndipo tsiku losiya ndi limene limabweza moto. Mnzake wa steroid m'mafuta oterewa amakhala hydroquinone, amene amatsekereza tyrosinase, chinthu chimene thupi limagwiritsa ntchito popanga melanin, utoto wa khungu lathu. Nayenso ndi mankhwala a kuchipatala: madokotala amapereka wa 4% kwa miyezi yochepa, akukuyang'anirani. Wodzola yekha zaka ndi zaka amatha kudwala ochronosis, zigamba zakuda motuwira pamwamba pa masaya, zimene n'zovuta kwambiri kuchotsa. Madokotala a ku South Africa analemba za vuto limeneli mu 1975 ataliona pa amayi odzola mafuta oyeretsa khungu, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola. Mayiko a European Union anachita chimodzimodzi mu 2001. Wachitatu ndi mercury, chitsulo chapoizoni, amene pa botolo amabisala m'mayina ngati calomel kapena mercurous chloride. Ameneyu amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo amafika ngakhale kwa mwana amene mukupukutira naye thaulo limodzi. Pangano la mayiko lolimbana ndi mercury la mu 2013 linatenga dzina la Minamata, tauni ya ku Japan kumene anthu ambiri anadwala ndi kufa m'ma 1950 chifukwa cha mercury amene fakitale ina inkataya m'nyanja.

Ndiye ine apa sindinyengerera. Munthu wogulitsa mafuta a kunkhope opanda mndandanda wa zimene zili m'katimo akugulitsa matenda, kaya ndi mnzanu, kaya ndi wopemphera, kaya nkhope yake ikuwala bwanji pa Instagram. Dontho lakuda silichoka pa sabata imodzi. Khungu lenilenilo limatenga pafupifupi mwezi kuti maselo atsopano afike pamwamba. Chilichonse chothamanga kuposa pamenepo chikuchita zina zimene sanakuuzeni.

Ngakhale mabotolo olembedwa bwinobwino, kutsogolo kwake sindikukhulupirira. Kumeneko n'kwa otsatsa malonda, kumalembedwa "glow", "natural", "gold", zoti mutulutse ndalama. Zoona zili kumbuyo, m'timalemba ting'onoting'ono tija. Zinthu zimalembedwa motsatana, chochuluka poyamba, chochepa pambuyo, mpaka kufika pa zimene sizikwana 1%, zimene amatha kuzilemba mmene afunira. N'chifukwa chake mabotolo ambiri amayamba ndi aqua, madzi. Kachenjerero kanga ndi aka: fufuzani phenoxyethanol, amene amateteza mafuta kuti asavunde ndipo kawirikawiri sapitirira 1%. Ngati dzina la duwa limene lajambulidwa lalikulu kutsogolo likubwera pambuyo pa phenoxyethanol pamndandandawo, dziwani kuti angowazamo. Retinol yekha musamuweruze choncho, iye amagwira ntchito ngakhale ali pansi pa 1%. Collagen ndi chinthu cholimbitsa khungu, koma za collagen wa m'mafuta odzola ndiye zimandiseketsa. Ndi wamkulu kwambiri moti sangalowe m'khungu. Amangokhala pamwamba n'kufewetsa, basi, makwinya ali pomwepo.

Chimene chinasintha nkhope yanga si botolo, koma mfundo imodzi imene dokotala yemwe uja anandifotokozera. Khungu lakuda likapsa mtima limayankha ndi utoto. Chiphuphu, kufinya, kukhula, sopo woumitsa, asidi wochuluka, chilichonse chotupitsa kapena kuotcha khungu chimadzutsa maselo opanga melanin, ndipo pamalopo pamatsala dontho. Ndiye mukasanjikiza ma serum amphamvu usiku umodzi, nkhope n'kumanyerenyetsa, inu n'kumati akugwira ntchito, mukupanga madontho omwe mukulimbana nawowo. Anzathu a khungu loyera amafiira masiku ochepa n'kutha. Ife timalipira miyezi.

Pamwamba pa khungu pali ngati khoma la njerwa: maselo ndiwo njerwa, mafuta a pakati pake ndiwo matope ozigwira, ndipo pafupifupi theka la mafutawo ndi ma ceramide. Matopewo akakokoloka madzi amathawa, khungu limatuwa, limayabwa, ndipo chilichonse mwadzola chimaluma. Mafuta ofewetsa khungu ntchito yake ndi imeneyi. Glycerin ndi hyaluronic acid amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu. Ma ceramide ndi squalane amamata mipata. Petrolatum ndi dimethicone amaphimba pamwamba kuti madziwo asauluke. Hyaluronic acid watchuka kwambiri masiku ano ngati wabwera dzulo, chonsecho Karl Meyer ndi John Palmer anamupeza mu 1934, m'madzi a m'diso la ng'ombe. Ndi wabwino, sindikukana, koma glycerin wakalekale uja amagwira pafupifupi ntchito yomweyo popanda phokoso. Onsewa muwadzole nkhope ikadali yonyowa pang'ono.

Za ziphuphu

Salicylic acid amasungunuka m'mafuta, choncho amatha kulowa m'timabowo ta pakhungu n'kumasula zimene zatseka. Ndi wa timitu takuda tija ta pamphuno ndi nkhope yamafuta, ndipo amapezeka pa 0.5% mpaka 2%. Benzoyl peroxide amapha mabakiteriya a ziphuphu zofiira za mafinya. Wa 2.5% amathandiza pafupifupi mofanana ndi wa 10% koma saotcha kwambiri, ndiye musathamangire nambala yaikulu. Amasukulutsa nsalu ameneyu, thaulo lanu labuluu mudzalipeza lili ndi zigamba zoyera.

Kenako pali banja la vitamin A, limene ndimalilemekeza kuposa onse. Tretinoin ndiye wamphamvu, wolembedwa ndi dokotala. Adapalene ndi wofatsirapo. Retinol ndi wofooka chifukwa khungu limayamba lamusintha kawiri kuti asanduke retinoic acid, chinthu chenicheni chogwira ntchito. Onsewa amafulumizitsa kusinthana kwa maselo, amaletsa timabowo kutseka, amachepetsa madontho, ndipo pakapita nthawi amathandiza khungu kupanga collagen wakewake. Masabata oyamba khungu limauma ndi kusupuka, mwinanso ziphuphu kuwonjezeka, ndipo ambiri amasiyira pamenepa.

Pa tretinoin pali mbiri imene sindingaidumphe. Anavomerezedwa ku America mu 1971 ngati mankhwala a ziphuphu, ndipo mmodzi mwa amene anawatulukira ndi Albert Kligman wa ku University of Pennsylvania. Bambo ameneyu kuyambira m'ma 1950 mpaka 1974 ankayesera mankhwala osiyanasiyana pakhungu la akaidi a ndende ya Holmesburg ku Philadelphia, ambiri mwa iwo anthu akuda. Mzinda wa Philadelphia unapepesa mu 2022. Zimandipweteka kuti khungu lakuda linali loyenera kuyeserapo, koma kwa zaka zambiri mabuku ophunzitsira madokotala ankaonetsa matenda a khungu pa anthu oyera okhaokha. Mpaka lero malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ngati aliyense akapsa amafiira.

Za madontho

Niacinamide ndi vitamin B3. Saletsa kupangidwa kwa melanin, koma amachepetsa kusamuka kwake kuchoka m'maselo omupanga kupita m'maselo a pamwamba. Amalimbitsanso khoma lija ndi kuchepetsako mafuta. Wa 2% mpaka 5% ndi wokwanira, wa 10% ena amawayabwa. Azelaic acid ndiye ndimamukonda mwapadera chifukwa amamenya ziphuphu ndi madontho nthawi imodzi, ndipo safuna kuyeretsa khungu limene lili bwinobwino. Vitamin C, amene pa botolo amalembedwa ascorbic acid, amathandiza pa madontho ndi kuteteza khungu ku zowononga za dzuwa ndi utsi, kungoti sachedwa kuwonongeka ndi mpweya ndi kuwala. Glycolic acid ndi lactic acid amasenda maselo akufa a pamwamba. Glycolic ndi wamng'ono kwambiri, amalowa msanga, amaotchanso msanga, choncho pa khungu ngati lanu ine ndingayambe ndi lactic kapena mandelic acid, kapena osayamba n'komwe.

Ndipo zonsezi n'kutaya ndalama ngati simudzola sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Ndikudziwa, mwamva kuti ife akuda sitipsa ndi dzuwa. Melanin amatiteteza ndithu pang'ono, koma dzuwa lomwelo ndi limene limadetsa dontho lililonse, kuphatikizapo kuwala wamba kumene timaona ndi maso. Sunscreen wolembedwa SPF 30 amatchinga pafupifupi 97% ya UVB, kuwala kwa dzuwa kumene kumaotcha khungu, SPF 50 pafupifupi 98%, ndiye musavutike ndi manambala, chachikulu n'kudzola wokwanira tsiku lililonse. Vuto lenileni ndi loti zinc oxide ndi titanium dioxide, amene amakhala m'ma sunscreen ambiri, amatisiya otuwa mbuu, ndipo makampani anatenga nthawi yaitali asanaone kuti limeneli ndi vuto. Fufuzani wokhala ndi utoto wofanana ndi khungu, amene pamndandanda pake pali iron oxides. Ameneyo satuwitsa kwambiri, ndipo amatchinganso kuwala wamba kuja. Mukaona parfum kapena fragrance pamwamba pa mndandanda wa chilichonse, chenjerani, fungo ndi limodzi mwa zinthu zimene zimayabwitsa anthu ambiri, ndipo "natural" sakupulumutsani, mafuta onunkhira a zomera amalumanso.

Ndiye chitani chonchi, achemwali. M'mawa sambani ndi sopo wofatsa wa kunkhope, dzolani niacinamide kapena azelaic acid, mafuta ofewetsa, kenako sunscreen. Usiku sambani, kadontho kamodzi ka adapalene kapena retinol pansonga ya chala kakwanire nkhope yonse, kawiri pa sabata poyamba, kenako mafuta ofewetsa. Chatsopano chizilowa chimodzichimodzi, muyambe mwachiyesa kuseri kwa khutu, ndipo mudikire masabata 8 mpaka 12 musanaweruze. Ngati ndinu oyembekezera kapena mukufuna kutenga pakati, banja lonse la vitamin A ndi hydroquinone zisiyeni, funsani dokotala za azelaic acid. Ziphuphu zikakhala zakuya, zopweteka, zosiya mabowo, serum sangathe, pitani kuchipatala. Ngati mafuta a mnzanu aja munayamba kale kudzola ndipo papita nthawi, musasiye mwadzidzidzi panokha, tengani botololo mukamuonetse dokotala akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono. Ma serum otsalawo aikeni kaye pambali, ndipo ngati pali vitamin C amene wasanduka wofiirira, ameneyo watha ntchito, mutayeni.