Kodi maphunziro a panja angalowe m'malo mwa uphungu pasukulu?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina, mphunzitsi amene posachedwapa anapatsidwa udindo woyang'anira umoyo ndi khalidwe la ophunzira pasukulu pawo. Mwachidule, iwo akuti ana ambiri akuoneka ofooka, a nkhawa ndiponso okwiya msanga, koma sukuluyo ilibe phungu wophunzira bwino ntchitoyo. Akuluakulu a sukulu aganiza zoti ndalama zochepa zomwe zilipo zipite ku ulendo umodzi waukulu pachaka, woti ana akagone kuthengo masiku angapo, pomwe makolo ena akudandaula kuti nthawi yokonzekera mayeso ionongeka. Funso lawo ndi lakuti: kodi kutulutsa ana panja kumathandizadi maganizo awo, ndipo kodi kungakwanire pamene phungu palibe?

Aphunzitsi, kutulutsa ana panja kumathandiza, ndipo umboni wake ulipo. Koma sikuchiza mwana amene akudwala m'maganizo, ndipo pa njira zonse zotulutsira ana panja, ulendo umodzi waukulu pachaka ndi womwe ndimaukayikira kwambiri.

Umboni wolimba zedi uli pa maso. Ku Guangzhou, m'dziko la China, ofufuza anasankha sukulu 12, ndipo m'theka la sukuluzo anawonjezera mphindi 40 za panja tsiku lililonse la sukulu kwa ana a zaka 6 ndi 7. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2015 zinasonyeza kuti patatha zaka zitatu, ana pafupifupi 30 pa 100 alionse a m'sukulu zotuluka panja anali atayamba vuto losaona bwino patali, pomwe m'sukulu zinazo anali pafupifupi 40 pa 100 alionse. Akatswiri amaganiza kuti kuwala kwa panja, komwe kumaposa kutali kwa m'kalasi ngakhale munthu atakhala pamthunzi, kumathandiza kuti diso lisatalike mopitirira muyezo likamakula. Dziko la Taiwan linayamba mu 2010 kulimbikitsa sukulu kuti ana azikhala panja mphindi 120 patsiku pa chifukwa chomwechi. Mwina mukudabwa kuti nkhani ya maso yalowa bwanji pa funso la maganizo. Ndaitchula chifukwa chomwe chinagwira ntchito kumeneko ndi mphindi zochepa zobwerezedwa tsiku ndi tsiku, ndipo mfundo imeneyi mudzaipezanso kutsogoloku.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu ndithu kwa mphindi 60 patsiku, koma kafukufuku wake wa mu 2019 anapeza kuti achinyamata 81 pa 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 safika pamenepo, ndipo atsikana ndiwo akutsalira kwambiri. Mwana amene wayenda, wathamanga ndiponso walandira kuwala kwa m'mawa kawirikawiri amagona bwino usiku, ndipo mphunzitsi aliyense amadziwa kusiyana kwa mwana amene wagona mokwanira ndi amene wachezera.

Pa nkhani ya kutchera khutu m'kalasi, Rachel ndi Stephen Kaplan a ku yunivesite ya Michigan anafotokoza kuti mphamvu yoika maganizo pa chinthu chimodzi imatha monga mmene mphamvu ya m'miyendo imathera, ndipo imabwerera msanga munthu akakhala pa malo a mitengo, udzu kapena madzi, pomwe maso ndi makutu zimakopeka pazokha popanda kuzikakamiza. Mu 2018, Ming Kuo ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ku America, momwe aphunzitsi ankaphunzitsa phunziro lina panja ndi lina lofanana nalo m'kalasi, kenako n'kuona mmene ana akhalira pa phunziro lotsatira. Ana akachokera panja, mphunzitsi ankatha kuphunzitsa nthawi yotalika pafupifupi kawiri asanaime kuti adzudzule kapena kukumbutsa wina. Kafukufukuyu anali wa makalasi awiri okha, choncho sindingamangirepo nyumba, komabe akutsutsa mantha a aphunzitsi ambiri akuti ana akatuluka panja amabwerako atabalalika.

Nanga maganizo a ulendo waukulu anachokera kuti? Kurt Hahn, mphunzitsi wa ku Germany amene anayambitsa sukulu ya Gordonstoun ku Scotland mu 1934, anatsegula sukulu ya maphunziro a panja yotchedwa Outward Bound ku Aberdyfi, ku Wales, mu 1941, mothandizana ndi Lawrence Holt, mmodzi wa eni kampani ya sitima za pamadzi. Cholinga chinali chakuti wachinyamata akumane ndi zovuta, monga nyanja, phiri ndi kuzizira, kuti adziwe kuti angathe zambiri kuposa mmene amaganizira. Sindikunyoza ntchito imeneyi, pakuti pali anthu amene ulendo wotere unawatsegula maso. Koma maphunziro a Hahn ankatenga pafupifupi mwezi wathunthu, ankayendetsedwa ndi anthu odziwa nyanja ndi mapiri, ndipo ankafuna kulimbitsa mtima wa wachinyamata amene ali bwinobwino. Vuto lomwe mwalongosola inu ndi lina. Chitsanzo chomwe chikuyandikira ku vuto lanu ndi cha ku Denmark, komwe sukulu zambiri zimachita chomwe amachitcha udeskole: mphunzitsi wa kalasi yemweyo amatulutsa ana ake kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, n'kukaphunzitsira panja masamu, sayansi kapena chiyankhulo, nthawi zambiri pafupi ndi sukulu pomwepo.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndichedwapo pang'ono. Phindu lalikulu la maphunziro a panja pa ntchito yanu ndi lakuti amakupatsani mpata woona mwana. M'kalasi ana onse amakhala pa mizere, ayang'ana kutsogolo, ndipo mwana wachete amaoneka ngati wakhalidwe labwino ngakhale mumtima muli chimphepo. Panja zinthu zimaonekera. Mumaona amene sasankhidwa anzake akamapanga magulu, amene amadzidzimuka wina akakweza dzanja, amene amatopa atangoyenda pang'ono, ndiponso amene wavala chovala cha manja aatali kukutentha ndipo akukana kuchivula. Mumaonanso zabwino zomwe mayeso sazionetsa: mnyamata amene amalephera kuwerenga koma ndiye woyamba kupeza njira yomangira chisakasa, kapena mtsikana wamanyazi amene amadziwa mayina a tizilombo tonse. Mwana amene wakhala akumva kuti ndi mbuli akapeza malo amodzi omwe anzake amamufunsa nzeru, kaimidwe kake kamasintha, ndipo nthawi zina kusinthako kumamutsatira mpaka m'kalasi.

Palinso chinthu china chomwe aliyense wogwira ntchito ndi achinyamata amachizindikira. Mwana savutika kwambiri kulankhula zakukhosi akamayenda pambali pa munthu wamkulu, kapena manja ake akamagwira kantchito, kusiyana ndi pamene amukhazika mu ofesi n'kumamuyang'ana m'maso. Koma zimenezi sizichitika pa ulendo woyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amayamba wakuyesani ndi nkhani zazing'ono kwa masabata angapo, kenako tsiku lina, mukubwerera ku kalasi, amatchula chinthu chenichenicho. Ulendo wa masiku atatu pachaka, woyendetsedwa ndi alendo amene mwanayo sadzawaonanso, sungapereke zimenezi.

Tsopano malire ake. WHO imanena kuti mmodzi mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la matenda a maganizo, ndipo nkhawa yopitirira ndi kukhumudwa kwakukulu zili m'gulu la mavuto ofala. Mwana wotere mitengo ingamupepuze, koma akufunika munthu wodziwa za chithandizo. Komanso mukayamba kutuluka ndi ana kawirikawiri, mudzamva zinthu zolemera kuposa zomwe mumamva panopa, monga za kuzunzidwa, kudzivulaza kapena maganizo ofuna kudzipha. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musanatulutse kalasi yoyamba, mukhale pansi ndi akuluakulu a sukulu ndi kugwirizana, molemba, kuti mphunzitsi akamva nkhani yotere akauza ndani tsiku lomwelo, ailemba pati, makolo auzidwa liti (ndiponso zichitika bwanji ngati vutolo likuchokera kwa makolowo), ndipo ndi chipatala kapena ofesi iti yoona za ana yomwe mungatumizeko mwana. Mphunzitsi asalonjeze mwana kuti sauza munthu aliyense. Anene zoona, kuti auza okhawo amene angathandize, ndipo amuuza mwanayo asanatero. Lonjezo lachinsinsi likaphwanyidwa, mwana sakhulupiriranso wamkulu aliyense pasukulupo.

Musaganizenso kuti mwana aliyense amasangalala panja. Kwa amene anzake amamupezerera, malo otakasuka ndi oopsa kuposa kalasi, chifukwa maso a mphunzitsi safika paliponse. Mwana woyenda pa njinga ya olumala, wa mphumu, wa khungu losapirira dzuwa, kapena mtsikana amene ali kumwezi ndipo chimbudzi chili kutali, onsewa ayenera kuganiziridwa pokonza, osati pamene kalasi yanyamuka kale. Magulu muziwapanga inuyo, musamasiyire ana kuti asankhane. Ndipo kutuluka panja kusakhale mphotho yomwe mwana wovuta amalandidwa akalakwa, pakuti kawirikawiri ameneyo ndiye akufunika kutuluka panja kuposa onse.

Za chitetezo ndinena mwachidule, koma n'zofunika. Mu March 1993, ophunzira anayi anamira ku Lyme Bay, ku England, pa ulendo wa timabwato womwe unatsogoleredwa ndi alangizi osadziwa mokwanira za panyanja, ndipo opulumutsa anauzidwa mochedwa. Ngoziyi inachititsa kuti mu 1995 dziko la Britain likhazikitse lamulo loti malo ochititsa ana masewera oopsa azikhala ndi chiphaso. Madzi akuya, mapiri ndi kugona kutali zimafuna luso lomwe mphunzitsi wamba alibe. Phunziro la pabwalo la sukulu limafuna zochepa: kuyendera malowo musanapite ndi ana, kuwerenga ana ponyamuka ndi pobwerera, madzi akumwa, mthunzi, bokosi la chithandizo choyamba, ndi kulowa m'nyumba mukangomva bingu, n'kudikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Makolo odandaula za mayeso ali ndi mfundo, ndipo musawatenge ngati adani. Auzeni kuti simukuchotsa phunziro lililonse, mukungolisamutsa: kuyeza kutalika kwa mtengo pogwiritsa ntchito chithunzithunzi chake ndi masamu a m'silabasi, ndipo kulemba ndime yolongosola zomwe waona ndi kumva ndi phunziro la chiyankhulo. Aitaneni ena mwa iwo adzathandize kuyang'anira ana, motsatira malamulo a sukulu okhudza akuluakulu ogwira ntchito ndi ana, popeza kholo lomwe laona ndi maso ake silivuta kulimvetsa.

Ndikadakhala pa mpando wanu, ndikadapempha kuti ndalama za ulendowo zigawidwe pawiri. Gawo lalikulu lipite kophunzitsa aphunzitsi awiri kapena atatu luso loyamba la uphungu ndi kuteteza ana, ndipo lotsalalo ligule zofunika pa phunziro limodzi la panja pa sabata kwa kalasi iliyonse. Yambani ndi kalasi imodzi kwa teremu imodzi, muzilemba amene ajomba, amene atumizidwa ku ofesi chifukwa cha khalidwe, ndi amene abwera okha kudzalankhula nanu, kuti pokakambirana za chaka chamawa mudzapite ndi manambala a pasukulu panu pomwepo.