Aneba anu a ma eriyo aja si mfiti ayi, pitani Lowerukalo

Imelo yabwera kuchokera kwa m'bale wathu wina ali ku Joni, akuti: "Achimwene, aneba anga ndi mdala wina wake, pakhomo pawo mawaya okhaokha ndi eriyo yaitali kuposa nyumba, usiku amangoyankhula okha mu galaja. Andiitana Loweruka ku kilabu yawo ya mawailesi. Kodi anthu amenewa amapanga chani kwenikweni, nanga WhatsApp siilipo?"

Pitani achimwene, musachite mantha. Amenewo ndi aja amawatcha ma ham, ndipo choyamba muchotse m'mutu zoti ndi wailesi ngati MBC kapena Zodiak. Saulutsa nyimbo, za bizinesi ndi zoletsedwa, amangoyankhulana okhaokha ndipo aliyense ali ndi layisensi komanso dzina lake lapamphepo. Kumeneko layisensi imachokera ku ICASA, bungwe loyang'anira za mawailesi ndi matelefoni, munthu ukakhoza mayeso, ndipo ngati muli mbali ya Johannesburg mumva mayina apamphepo ambiri akuyamba ndi ZS6. Kwathu kuno ndi MACRA, dzina limayamba ndi 7Q, ku Zambia 9J. Ndipotu 7Q yi ndi yosowa kwabasi, moti alendo amachita kukwera ndege ndi makina awo kudzakhala m'mbali mwa nyanja sabata ziwiri kuti dziko lonse liwayitane.

Mukalowa mu galajamo mupeza kafungo ka soda yowotcherera mawaya, batire ya galimoto ili pansi pa tebulo, wailesi ikungoti shiii, mdala akupotokola kachitsulo pang'onopang'ono mpaka mawu a munthu wa ku Brazil atulukira m'phokosomo, basi alemba nthawi ndi dzina m'kabuku, nkhope ili mwee ngati wapata golide. Mawuwo sadutsa pa tawala ya kampani iliyonse, amakagunda kumwamba kwenikweni uko n'kubwerera pansi kutali, palibe bandulo palibe mayunitsi.

Nde funso lanu la WhatsApp lija. WhatsApp imadalira tawala, tawala imadalira magetsi kapena dizilo wa jenereta, ndipo inu a ku Joni za lodishedingi mukuzidziwa kuposa ine. Kumbukani Freddy mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche kukokolola nyumba ku Chilobwe, magetsi zii, anthu kumangoyimba foni osalowa, osadziwa ngati abale ali moyo. Nthawi ngati imeneyo munthu wa batire ndi waya womangirira pamtengo wa mango ndi amene amamveka. Ku Britain gulu la ma ham othandiza pa ngozi lotchedwa RAYNET linayamba 1953 madzi a m'nyanja atasefukira kum'mawa kwa dzikolo n'kudula matelefoni. Pa 26 Disembala 2004 mayi wina wa ku India, Bharathi Prasad, anali ku Port Blair pa zilumba za Andaman ndi anzake kungosewera masewera omwewa ofuna kumveka kutali, tsunami itamenya anasiya zamasewerazo n'kuyamba kutumiza mauthenga a anthu kwa abale awo kumtunda. Ku South Africa komweko kuli HAMNET, nthambi yothandiza pa ngozi ya bungwe lalikulu la ma ham la SARL lomwe linayamba 1925.

Koma ine chimene ndimachiwona chachikulu pa kilabu si ngozi ayi, ndi zinthu zotopetsa zija. Tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse nthawi yomweyomweyo amayitanizana mmodzimmodzi, uyu ndilipo, uyu ndikukumvani bwino, wina adandaule za bondo lake, mpaka iwe womvera kuyasamula. Komatu pamenepo ndi pomwe amadziwira kuti wailesi ya ndani yafa, kumbuyo kwa phiri liti sikumveka, ndipo gogo wina akapanda kuyankha kawiri wina amanyamuka kukagogoda pakhomo. Ndalama zosonkha za kilabu ndi zomwe zimasamalira ripita, kamakina kamene amakaika pamwamba pa phiri kuti kalandire mawu a kawailesi kam'manja ngati Baofeng n'kuwaponya kutali. Munthu mmodzi payekha sangakwanitse zimenezo. Pa mipikisano ikuluikulu yothamanga ngati Two Oceans ku Cape Town amakhalanso m'njira kunena pomwe wina wagwa, ndiye kuyeserera kwake komweko.

Ana nawonso amapindula. Mwezi wa Okutobala chaka chilichonse ma Scout amakhala ndi Jamboree on the Air, makilabu amatsegula zitseko kuti ana agwire maikolofoni, ndipo masukulu ena amafika poyankhula ndi anthu a mu International Space Station, chombo chija chimazungulira dziko mumlengalenga. Mwana amene waphunzira kuwotcherera waya pamenepo mawa ndi uja akonza ma invata ndi ma sola.

Chilema chake ndikuuzeniretu, makilabu ambiri ndi a madala, ena ndi odzimva ndipo akayamba nkhani ya eriyo samaliza, mudzatopa. Koma poti mdalayo wachita kukuitanani yekha, ndiye kuti akufuna magazi atsopano. Mumufunse za makalasi a mayeso, makilabu ambiri amaphunzitsa okha, ndipo kumvera kokha mutha kuyamba lero koma osadina batani loyankhulira musanapate layisensi. Potsanzikana akakuuzani kuti 73 musapise m'thumba kuganiza kuti ndi mtengo wa tiyi, kwawoko ndiye kuti zabwino zonse. Mukamva wa 7Q mu galajamo mundilembere.