Kuphika inde, koma za bwato m'mitsinje ya ku Mulanje ziiwaleni

Achemwali, mwafunsa ngati kuno ku Mulanje mungakonze tsiku loti m'mawa banja lonse liphunzire kuphika zakudya za kuno, masana n'kukwera mabwato opopa aja otsetsereka m'mathithi, monga munaonera pa Facebook anthu akuchitira kunja. Mwati mubwera ndi ana awiri a ku pulayimale ndi agogo awo. Za kuphikazo zilandireni ndi manja awiri, koma za bwatozo ayi.

Mitsinje yathu, Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi Ruo, imachokera pamwamba pa phiri lomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Madziwo amatsika mwaliwiro pakati pa miyala ikuluikulu. M'chilimwe amachepa moti bwato lingangotsakamira pamwala. M'dzinja ndiye zoopsa zenizeni: mvula imagwa kumtunda inu kumunsi kuli dzuwa phwee, posakhalitsa madzi afiira, akukunkhuniza miyala ndi mitengo. Akuluakulu amati napolo wadutsa. Amene anaona za ku Phalombe mu Malichi 1991, ndiponso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sachita nayo chibwana mitsinje imeneyi. Ruo ikafika kuchigwa imayenda mofatsa, inde, koma kumene imakathira mu Shire ku Chiromo kuli ng'ona. Munthu akakuuzani kuti ali ndi chubu cha galimoto ndipo atha kuwayendetsa anawo pamadzi, mukaneni mwaulemu basi.

Ngati anawo akulirira bwato, apatseni tsiku lina ku Liwonde, akakwere la injini pa Shire ataveka majekete oyandamitsa, akaone mvuu ndi njovu. Kupalasa kwa m'mathithi kwenikweni kuli pa Zambezi, kumunsi kwa Victoria Falls, ndipo kumeneko ana aang'ono sawatengera m'mafunde aakuluwo.

Tsono za kuphika. Musafune kalasi ya ma apuloni ndi mbaula zamagetsi. Uzani a pamalo omwe mukagone, kapena wokuperekezani kuphiri, akupezereni mayi wa m'mudzi wodziwa mphika, mugwirizane mtengo pasadakhale, ndipo ndiwo mugule ndinu. Phunziro liyambire pamsika wa Chitakale m'mamawa. Anawo asankhe okha mbatata, mtedza, tomato, nthochi zakupsa kwambiri zija ena amazinyoza, ndi nandolo wamuwisi ngati mwabwera chapakati pa Julaye ndi Seputembala. Mwana amene wasankha yekha nkhwani sakana kudya masamba, mukaona.

Mukafika pakhomopo, ntchito yoyamba ikhale ya mtondo. Kusinja mtedza ndi kusefa nsinjiro kumawasangalatsa ana kuposa china chilichonse, ndipo nsinjiro zomwezo zilowa pawiri: m'nkhwani wotendera ndi m'futali wa mbatata. Wina azikanya nthochi ndi ufa wa mgaiwa kukonza zitumbuwa, koma pa mafuta otentha pakhale wamkulu. Chigwada nacho chimafuna kusinjidwa mpaka chifewe, kenako chiwire mokwanira, chifukwa masamba a chinangwa osapsa bwino amadwalitsa. Mayi wophunzitsayo akunena zimenezi, anawo azimvetsera. Mthiko muwapatse aphale nsima ngakhale ituluke ya mibulu, agogo awo aseke, atenge chipande awaonetse kuomola kwake. Ndikukayika ngati agogowo adzakhale chete mpaka kumapeto. Adzafuna kutsutsa kathiridwe ka mchere, ndipo mkanganowo ndi mbali ya phunzirolo.

Chakudya chomwe sindikufuna muchoke musanachilawe ndi kalongonda, nyemba zija Alhomwe amazinyadira, zomwe sizisowa pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde mwezi wa Okutobala. Koma izi siziphikidwa m'mawa umodzi. Zimawira nthawi yaitali, madzi n'kumatayidwa, kuthira ena, chifukwa zosapsa zimazunguza mutu ndi kusanzitsa. Muwapemphe mayiwo aziyambe dzulo lake, inu mukapeze zili kumapeto, anawo akathandize kuchotsa makoko ndi kumva chifukwa chake mphikawo sauthamangira. Aang'onowo alawe pang'ono chabe.

Pa zipatso pali chinthu choti musankhe. Chinanazi chathu chotsekemera chija, mango ndi mapeyala zimachuluka nthawi ya mvula, nthawi yomweyo mitsinje ili yolusa ndipo njira za m'phiri zikuterera. Mukabwera mu Ogasiti kapena Seputembala mupeza zipatso zochepa ndi zokwera mtengo, koma madzi ali oyera ndi odekha. Poti muli ndi ana ndi agogo, ine ndingasankhe chilimwe. Juni ndi Julaye kumakhala chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja, kotha kukukhalitsani m'nyumba tsiku lonse.

Mukatha kudya, madzi omwe mumafunawo mukawapeza ku Dziwe la Nkhalamba. Kuchokera ku Chitakale mutenge msewu wa ku Phalombe mpaka ku Likhubula, pomwe pali ofesi ya zankhalango ndi anyamata operekeza alendo. Tengani mmodzi, musadzidalire. Ulendo wapansi ndi wa pafupifupi ola limodzi, wokwera pang'onopang'ono, phiri la Chambe lili chakumanzereko. Pamwamba pa dziwelo madzi amagwa kuchokera pathanthwe, ndipo ndi ozizira ngati achokera mufiriji ngakhale kunja kukutentha. Dziwelo ndi lakuya, ndipo anthu anamirapo. Anawo aziviika miyendo m'mbali mosaya, wamkulu ali pafupi, osadumpha pamiyala ngakhale aone anyamata a konkuno akutero. Ngati mawondo a agogo sangalole, akhale kumunsi pamthunzi pafupi ndi ogulitsa ziboliboli, sadzasowa wocheza naye. Kumeneko mudzaona timabokosi tonunkhira ta mkungudza. Mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa cha odula mozemba, choncho ine sindigula.

Muyambe kutsika dzuwa lisanapendeke kwambiri, chifukwa m'munsi mwa phiri mdima umafulumira. Ngati mubwerera ku Blantyre mawa lake, pitani kudzera msewu wa ku Thyolo m'malo mwa wa Midima, muime ku Satemwa, esiteti ya tiyi yomwe inayamba mu 1923, mukalawe mitundu ya tiyi. Muwaimbire kaye kuti akuyembekezereni. Nsapato zikhale zotseka, mutenge zovala zosinthira za anawo ndi ndalama zapamanja zing'onozing'ono, poti pamsika ndi kwa mayi wophikayo chenje chimavuta.