Mpando wanu ukuyandama chifukwa cha kamera ndi mthunzi, GPU ilibe mlandu

Achimwene, ndachiona chithunzi mwatumiza chija, cha mpando womwe mwapanga mu Blender (pulogalamu yopangira zithunzi za 3D) n'kuuika m'chipinda chojambulidwa ndi kamera. Mukuti ukuoneka ngati wongomatidwa pamwamba, ndipo mwafunsa ngati mugule GPU (kachipangizo ka mu kompyuta kowerengera zithunzi) yamphamvu kapena plugin (kapulogalamu kowonjezera). Musagule kalikonse pakadali pano. Mpandowo mwaupanga bwino, nsalu yake ikukhutiritsa. Chikusokoneza n'chakuti chipinda chinajambulidwa ndi kamera ina, mpando ndi ina, ndipo kuwala kwake n'kosiyananso. Tayang'anani mizere ya matailosi: ikukakumana pamalo ena, pamene miyendo ya mpando ikuloza kwina, mwakuti yakumbuyo ikuoneka ngati yanyamuka.

Yambani ndi kamera, chifukwa ikalakwika zina zonse mungotaya nazo nthawi. Tsegulani EXIF ya chithunzicho (zomwe kamera imasunga mufayilo za mmene inajambulira) muone focal length, nambala ya lensi ya mamilimita. Ambiri amalemba nambala imeneyi mu Blender n'kuiwala kukula kwa sensa ya kamera, komwe mu Blender kumayamba kuli pa mamilimita 36. Zimenezo n'zoona pa kamera ya full frame yokha. Ya APS-C ya Canon ndi pafupifupi 22.3, ya Nikon kapena Sony ndi pafupifupi 23.5. Njira yachidule ndi pulogalamu yaulere ya fSpy: mumajambula mizere iwiriiwiri motsatira m'mphepete mwa matailosi ndi khoma, iyo imawerengera pomwe kamera inaima ndi mmene inapendekera, kenako mumalowetsa mu Blender kudzera pa addon yake. Ipatseni muyeso umodzi weniweni, mwachitsanzo tailosi limodzi ngati ndi la masentimita 60, kuti mpando usakule kuposa chitseko. Gwiritsani ntchito chithunzi chosadulidwa, chifukwa mukadula mbali imodzi pakati pa lensi pamasuntha ndipo fSpy imasokonezeka. Ngati makoma akuoneka opindika kumapeto kwa chithunzi, ayambe awongoledwa mu Lightroom kapena darktable.

Musanabwezeretse mpando, ikani bokosi la mita imodzi pansi, mulikankhe kuchokera pafupi ndi kamera mpaka kukhoma. Ngati m'mphepete mwake mukutsatira mizere ya matailosi konsekonse, kamera yakhala.

Pa kuwala, chithunzicho chikukuuzani chokha. Mthunzi wa miyendo ya tebulo ukugwera kumanja, kutanthauza kuti zenera lili kumanzere, koma mpando wanu wawala kuchokera kutsogolo. Ma HDRI (zithunzi za mbali zonse zosunga mphamvu yeniyeni ya kuwala, zowalitsira zinthu za 3D) a pa webusaiti ya Poly Haven ndi abwino komanso aulere, kungoti anajambulidwa m'malo ena. Ngati mungathe kubwerera m'chipindacho, jambulani yanu ndi kamera ya 360 ngati Ricoh Theta, muyiike pomwe mpando udzakhale, pamsinkhu wa pokhalira. Jambulani zithunzi 5 kapena 7 zosiyana kuwala ndi 2 EV (muyeso wa kuwala pa kamera), muziphatikize kukhala fayilo imodzi ya 32-bit. Chifukwa chake ndi ichi: zenera limawala kwambiri kuposa khoma loyera, koma mu JPG imodzi zonse ziwiri zimangothera pa 255, nambala yomaliza ya kuwala mu JPG. Kompyuta imaona ngati n'zofanana mphamvu, ndiye mthunzi umatuluka wofooka, wopanda komwe ukulowera. Mukakhala komweko jambulaninso mpira wonyezimira wa chrome ndi wina wotuwa wobweza 18 peresenti ya kuwala. Mukapanga mipira yofanana mu Blender n'kuiyika pambali pa yeniyeniyo, kusiyana kulikonse kumaonekera pompo.

Ngati kubwerera sikutheka, mangani chipindacho mwachisawawa: pansi, makoma, denga, ndi bowo la zenera. Pabowopo ikani Area light yofanana kukula ndi zeneralo. Gwero la kuwala likakula, m'mphepete mwa mthunzi mumafewa, likachepa, mumakuthwa. Dzuwa likamalowa mwachindunji onjezani Sun lamp, ndipo Angle yake muisiye pa madigiri 0.526, poti ndiko kukula kwa dzuwa lenileni tikamaliona kumwamba. Mtundu wa kuwala muuike ndi node ya Blackbody: masana pafupifupi 5500K, babu lofiirira la m'nyumba pafupifupi 2700K.

Tsopano mthunzi, pomwe pagona nkhani yonse. Diso la munthu limakhululuka zambiri, koma osati pomwe chinthu chakhudzana ndi pansi. Pangani plane (chinthu chafulati choimira pansi), mu Cycles (yomwe imawerengera kuwala mu Blender) muyatse Shadow Catcher pansi pa Visibility, ndipo pa Film musankhe Transparent. Kuyambira Blender 3.0 pali pass (gawo la chithunzi lotuluka palokha) yakeyake ya Shadow Catcher. Muyatse imeneyo, mu compositor (momwe mumaphatikizira zithunzi) muichulukitse ndi chithunzi pogwiritsa ntchito Multiply, kenako mpando ubwere pamwamba ndi Alpha Over. Ganizo lake ndi lomwe katswiri wa zithunzi za pakompyuta Paul Debevec anafotokoza mu 1998: pansi pamawerengedwa kawiri, pali chinthucho ndi popanda, ndipo kusiyana kwake n'komwe kumaikidwa pachithunzi chenicheni.

Mukamvetsa zimenezi muona chifukwa chake plane yoyera mbee ndi yolakwika. Matailosi anu ndi ofiirira, ndiye kuwala kobwerera kuchokera pansi kuyenera kufiiritsa kunsi kwa mpando. Plane yoyera ikuponya kuwala koyera, n'chifukwa chake kunsi kwa mpando wanu kukuwala ngati kuli nyali. Ikani chithunzi chomwecho pa plane ngati Image Texture, muchilumikize ndi Window ya pa node ya Texture Coordinate, kuti pansi pa mu 3D patenge mtundu wa pansi penipeni. Khoma lakumbuyo lichitidwenso chimodzimodzi, apo ayi mthunzi ungothera m'malere pomwe plane yathera.

Kenako yandikirani pamwendo uliwonse. Kampata ka mamilimita 5 kokha n'kokwanira kuti kuwala kulowe pansi pa mwendo, ndipo kamdima kakang'ono kamene kamaonetsa kuti chinthu chatsamira pansi kamasowa. Lowetsani miyendo mu plane ndi milimita imodzi. Kamdima kameneka kamakhala kakuda kwambiri pamwendo penipeni, n'kumazilala pang'onopang'ono mukamatalikira. Musakajambule ndi burashi yakuda mu Photoshop, chifukwa mthunzi weniweni sukhala wakuda bii, umatenga mtundu wa kuwala kotsala m'chipindamo. Tengani eyedropper, yezani mthunzi wa tebulo lenileni, muyerekeze ndi wa mpando wanu. Zikasiyana kwambiri, konzani mphamvu ya nyali, osati opacity. Chinanso: pomwe tebulo latchinga kale kuwala kwa zenera, mpando sungachititsenso mthunzi wachiwiri wa kuwala komweko. Ikani bokosi losaoneka ndi kamera pamalo a tebulolo kuti litchinge kuwala monga likuchitira lenileni.

Kunyezimira kuli mbali ziwiri: mpando uonekere m'matailosi, chipinda chionekere pa miyendo yachitsulo. Yachiwiriyo imabwera yokha mukaika HDRI ndi chithunzi pa plane. Yoyambayo imadalira Roughness (kukhakhala) ya plane. Yambani pa 0.15, muzisintha mpaka mpando uonekere mofanana ndi mmene tebulo likuonekera m'matailosi omwewo. IOR, nambala yolamulira kuchuluka kwa kuwala kobwerera, isiyeni cha pa 1.5. Tailosi losalala mukaliyang'ana molunjika kuchokera pamwamba limabweza pafupifupi 4 peresenti yokha ya kuwala, koma mukaliyang'ana chapansipansi limasanduka ngati galasi, ndipo Cycles imawerengera zimenezi yokha. Sungani ma pass mu OpenEXR, chifukwa PNG imadula chilichonse choposa 1.0, ndipo kunyezimirako kumatayika.

Zotsala ndi zofulumira. Kuyambira Blender 4.0 View Transform imayamba ili pa AgX, yomwe imazilalitsa mitundu ya chithunzi chanu. Ngati chithunzicho ndi JPG, ikani pa Standard. Pakuda kwambiri pa mpando pasade kuposa pakuda kwambiri m'chithunzi. Render (chithunzi chotuluka mu Blender) imatuluka yakuthwa mopitirira, choncho ifewetseni ndi blur ya theka la pixel kapena imodzi, ndipo pomaliza onjezani timadontho ta grain tofanana ndi ta chithunzicho. Mukaona kamzere kakuda kozungulira mpando, alpha (gawo losonyeza pomwe chithunzi chili choonekera mkati) yachulukitsidwa kawiri. Onani za premultiplied pa node yanu ya Alpha Over.

Ma sample 256 pamodzi ndi denoise akukwanira ntchito yotereyi, ndipo GPU yatsopano ingangofupikitsa nthawi yodikira. Konzani kamera kaye, kenako mutumize muno chithunzi cha bokosi lija litakhala pa matailosi, limodzi ndi focal length ndi dzina la kamera yanu, tione ngati mizere yakumana musanapite pa kuwala.