Polivanov anawatsutsa pagulu, inenso ndinatero

Achemwali, nkhani yanuyi yofuna kutsutsa aphunzitsi amene akuyang'anira kafukufuku wanu yanditokosa chilonda chimene sichinapole, ndipo yandikumbutsa Yevgeny Polivanov, katswiri wa ziyankhulo wa ku Russia, amene mbiri yake ndinaiwerenga m'miyezi imene ndinakhala pakhomo ntchito itandithera.

Bamboyu anabadwira ku Smolensk mu 1891, anaphunzitsidwa ndi katswiri wina wa ziyankhulo, Baudouin de Courtenay, ku St Petersburg, ndipo njira yake yolembera Chijapani ndi zilembo za Chirasha, imene anakonza mu 1917, ikugwirabe ntchito mpaka lero. Nthawi imeneyo kunali mkulu wina, Nikolai Marr, amene ankaphunzitsa kuti ziyankhulo zonse za padziko zinachokera ku timawu tinayi, sal, ber, yon ndi rosh, ndipo popeza akuluakulu a chipani cholamula cha Chikomyunizimu ankamukonda, ophunzira ambiri ankangovomera. Mu February 1929, ku Communist Academy mumzinda wa Moscow, Polivanov anaimirira n'kuonetsa poyera kuti chiphunzitsocho chinalibe umboni. M'malo moyankha mfundo zake, anamutcha mdani, mabuku ake anayamba kukanidwa, ndipo anachoka ku Moscow kupita ku Samarkand, kenako ku Tashkent, pomaliza ku Frunze, kumene lero ndi Bishkek, komwe anapitirizabe kufufuza chiyankhulo cha anthu a mtundu wa Dungan. Mu August 1937 anamangidwa pomunamizira kuti anali kazitape wa dziko la Japan, ndipo pa 25 January 1938 anawomberedwa ali ndi zaka 46.

Ine sindinaphedwe, ndipo sindikudziyerekeza ndi iye, koma tsiku langa ndikulikumbukira bwino. Tinali pamsonkhano wa gulu lolemba dikishonale, anthu odzaza chipinda, ndipo mkulu wathu analamula kuti mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika tiwalembe ngati liwu limodzi la matanthauzo awiri. Ndinakweza dzanja n'kunena mwaulemu kuti mawu awiriwa satchulidwa mofanana, chifukwa pa mtengo wa m'tchire liwu limakwera pamene pa wa pamsika limakhala pansi, ndipo ndinawatchula onse awiri kuti aliyense amve yekha. M'chipindamo munangoti zii. Mkuluyo anavula magalasi, anawapukuta pang'onopang'ono, kenako anandifunsa chaka chimene ndinabadwa, n'kuwonjezera kuti iwo anayamba ntchitoyi ine ndisanamere mano. Anzanga amene dzulo lake ankandiuza pakhonde kuti ndikunena zoona anaweramitsa mitu, wina mpaka anaseka nawo. Kontirakiti yanga itatha sanaiwonjezere, ndipo timakadi ta mawu timene ndinatolera m'midzi zaka ziwiri tinalowa m'buku lopanda dzina langa. Mkuluyo ndimamukwiyirabe chifukwa ankadziwa kuti ndikunena zoona, koma amene amandiwawa kwambiri ndi anzanga aja. Choipa china n'chakuti khalidwe lotere timaliteteza tokha ponena kuti wamkulu sauzidwa.

Polivanov anachita bwino kuyankhula, ndipo ndimamulemekeza kwambiri. Mu 1950 mtsogoleri wa dzikolo, Stalin, mwini wake analemba mu nyuzipepala ya Pravda kukana chiphunzitso cha Marr, ndipo mu 1963 boma linavomereza kuti Polivanov anaphedwa wosalakwa, patatha zaka 25 ali m'manda.

Komabe inu, achemwali, aphunzitsi anuwo musawatsutse pagulu. Pitani ku ofesi kwawo muli nokha, muwaonetse umboni wanu ngati munthu wofuna kuphunzira, ndipo akakana, khalani chete mpaka digiri yanu ituluke, chifukwa saini yawo ndi imene mukuidikira. Sungani makope a zonse zimene mwalemba ndi mawu amene mwajambula, ena pa imelo, ena kwa mbale wanu wodalirika. Koma akakuuzani kuti mulembe chinthu chimene makutu anu akukana, chimenecho musalembe.