Funsani Tikuyankheni: Kodi Mphamvu ya Nyukiliya Imachokera Kuti?

FUNSO: Ine ndimakhala ku Karonga, boma limene kuli mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera. Ndinamva kuti magetsi a nyukiliya amapangidwa pong'amba maatomu, komanso kuti dzuwa limawala chifukwa cha maatomu ophatikizana. Zingatheke bwanji kuti kung'amba ndi kuphatikiza zonse zizitulutsa mphamvu? Nanga malo opangira magetsiwo sangaphulike ngati bomba? Wowerenga, Karonga.

YANKHO: Zonse ziwiri zimene munamvazo ndi zoona, ndipo nkhani yagona pakati penipeni pa atomu, pamene pali kaphata kopangidwa ndi tinthu totchedwa mapulotoni ndi manyutironi. Tinthuti timagwirana zolimba kwambiri m'maatomu amene kulemera kwake ndi kwapakatikati, monga a chitsulo. Atomu yolemera ngati ya yureniyamu ikang'ambika, zidutswa zake zimayandikira msinkhu wa chitsulo, ndipo maatomu opepuka ngati a haidrojeni akaphatikizana, nawonso amasendera komweko. Zili ngati mitsinje iwiri yochokera kumapiri oyang'anizana, imene yonse imatsikira m'dambo limodzi. Pa njira zonse ziwirizi, zotsala zimakhala zopepukirapo kusiyana ndi zimene zinalipo poyamba, ndipo kulemera kumene kwasowako ndi kumene kumasanduka mphamvu, monga Albert Einstein anasonyezera mu 1905.

Kung'ambika kwa maatomu, kumene asayansi amakutcha fission, anakutulukira ndi Otto Hahn ndi Fritz Strassmann ku Berlin mu 1938, ndipo amene anakufotokoza bwino ndi Lise Meitner pamodzi ndi Otto Frisch. Phata la mtundu wina wa yureniyamu wotchedwa yureniyamu 235 likameza nyutironi imodzi, limagwedezeka mpaka kugawika pawiri, n'kumwaza manyutironi ena awiri kapena atatu, amene nawonso amakang'amba maphata ena. Kilogalamu imodzi ya yureniyamu 235 itang'ambika yonse, ikhoza kupereka kutentha koposa kwa matani 2,000 a malasha.

Ntchito ya ng'anjo ya nyukiliya, imene pa Chingelezi amati reactor, ndi kuweta moto umenewu kuti usapitirire malire. Ng'anjo yoyamba anaiyatsa ndi Enrico Fermi ndi anzake ku Chicago pa 2 December 1942. Chimene akatswiri amafuna n'chakuti pa manyutironi otuluka m'phata limodzi, imodzi yokha ndiyo ikang'ambe phata lina. Otsalawo amamezedwa ndi ndodo zokhala ndi zinthu zotchedwa boron kapena cadmium: akazitsitsira mkati kutentha kumachepa, akazikweza kumakula. M'ng'anjo zambiri madzi amagwira ntchito ziwiri, kuchepetsa liwiro la manyutironi kuti yureniyamu iwameze mosavuta, ndiponso kunyamula kutentha kumene kumapanga nthunzi yozungulitsa makina a magetsi. Umu ndi mmene zimayendera ku Koeberg, pafupi ndi Cape Town, kumene anayamba kupanga magetsi mu 1984.

Kuphatikiza maatomu, kumene amati fusion, n'kovuta kwambiri chifukwa maphata amakankhana. Pakati pa dzuwa zimatheka chifukwa pamatentha madigiri pafupifupi 15 miliyoni ndipo pamapanikizika koopsa, koma pansi pano pamafunika madigiri oposa 100 miliyoni. Mu December 2022, asayansi a ku National Ignition Facility ku California anapeza mphamvu yoposa imene kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kunalowetsa m'kanjere ka haidrojeni, ngakhale kuti makina onsewo anadya magetsi ochuluka kuposa pamenepo. Mayiko akumanganso makina oyesera a ITER kumwera kwa France, koma padakali pano palibe nyumba imene ikuyaka magetsi a fusion.

Pa nkhani ya bomba, mtima wanu ukhale m'malo. Mu yureniyamu yochokera mumgodi, ya mtundu wa 235 imangokhala 0.7 peresenti, ng'anjo zambiri zimafuna 3 mpaka 5 peresenti, pamene bomba limafuna pafupifupi 90 peresenti. Choncho ng'anjo yopangira magetsi singaphulike ngati bomba la ku Hiroshima, ndipo ufa wa yureniyamu wochokera ku Kayelekera sungaphulike m'pang'ono pomwe.

Komabe sitingakubisireni kuti ngozi zilipo, ndipo ndi zazikulu. Ng'anjo ikazimitsidwa, zidutswa za maatomu zimapitirizabe kutentha, moti madzi oziziritsa akaleka kuyenda, yureniyamuyo imasungunuka. Izi ndi zimene zinachitika ku Fukushima ku Japan mu March 2011, madzi osefukira kuchokera kunyanja atawononga majenereta oyendetsa mapampu. Zinyalala zina za m'ng'anjo zimakhalabe zoopsa kwa zaka masauzande ambiri. Kwa inu okhala kufupi ndi mgodi, ife tikuona kuti chofunika kuchifunsa mosatopa kwa akuluakulu ndi mmene fumbi ndi zotsalira za miyala zikusungidwira, kuti mvula ya dzinja isazikokolere m'mitsinje yotsikira m'nyanja ya Malawi.